Thandizeni, tiana ta yellow perch m'damu mwanga tikukana chakudya

Moni nonse pagulu pano. Pepani ndilemba motalikirapo, mutu waima.

Ndimakhala ku Ohio, kumidzi ndithu, kumene minda ya chimanga ndi soya imayambira pakhomo mpaka kumene maso alekezera. Pamalo amene tikuchita lendi pali damu lakale, pafupifupi theka la ekala, ndipo eni ake anandilola kuikamo nsomba. Kwathu ku Zomba bambo anga anali ndi madamu awiri a makumba ndi chilunguni, ine ndinakula ndikuthira madeya ndi zitosi za nkhuku m'mawa ndisanapite kusukulu. Ndiye ndinkadziona ngati katswiri. Koma kuno chambo sichingapirire chisanu panja, choncho anzanga akuntchito anati ndiyese yellow perch, nsomba yachikasu ya mizere yakuda m'nthiti imene anthu a kuno amaikonda yokazinga.

Pakati pa Juni ndinagula tiana 500, totalika masentimita 5. Ndinagulanso thumba la chakudya cha mlamba, choyandama, cholembedwa kuti mapuloteni 32%. Timibulu take n'tofanana ndi nsawawa. Lero ndi sabata yachitatu, sindinaonepo nsomba ngakhale imodzi ikubwera kudzadya. Ndikawaza masana, timibulu timangoyandama mpaka mphepo itatikankhira m'mphepete, abakha a aneba n'kudzachita phwando. Ndinayesa kusinja, ndinayesanso ufa wa chimanga monga kwathu, palibe. Dzulo nditakoka kaukonde ndinapeza kamodzi katameza kanzake, mchira uli pakamwa.

Kodi vuto ndi chakudyachi? Ndigule chotani? Amene mukudziwa ndithandizeni ndalama zanga zisanathere mwa abakha.

Wa ku Area 25: Achimwene, mwapita mpaka ku America kukanenepetsa abakha a eni? Bwerani mudzatenge madeya, kuno thumba lilipo.

Mayi wa ku Wisconsin: Bambo, musanagule thumba lina, yankhani kaye ichi: pogula munafunsa ngati tianato tinaphunzitsidwa kudya timibulu? Ine ndagwirako ntchito pafamu ya nsomba kuno, ndipo anthu ambiri amagwa pamenepa. Perch si makumba. Muziiona ngati ncheni, imadya zamoyo. Ikangoswa imadya tizilombo ting'onoting'ono ta m'madzi, kenako mphutsi, kenako nsomba zinzake. Chinthu chouma choyandama siichiona ngati chakudya pokhapokha itazolowezedwa ili yaing'ono.

Mwini funso: Mayi, sindinafunse. Ndangowaimbira kumene ogulitsawo, akuti ayi, zinakulira m'damu pa zachilengedwe basi. Akuti ophunzitsidwa analipo koma okwera mtengo, ndipo ineyo ndinasankha otchipa. Zoona ndinasankha, koma sanandiuze kusiyana kwake.

Mayi wa ku Wisconsin: Ndiye vuto lanu ndi limenelo, thumbalo ndi lachiwiri. Ndikufotokozereni mmene zimachitikira pafamu. Perch imaikira mazira chisanu chikangotha, mazira ake ali m'chingwe chachitali choterera. Tiana tikaswa timaikidwa m'damu lothira manyowa kuti madzi abale tizilombo tija. Tikafika masentimita 2.5 kapena 3 timawedzedwa, nthawi zambiri usiku ndi nyale chifukwa pamsinkhu umenewo timathamangira kuwala, ngati mmene asodzi a usipa amachitira kunyanja. Kenako timaikidwa m'thanki, mothithikana, kuti tisapeze chakudya china chilichonse. M'menemo amatipatsa krill wouma, tinkhanu tating'ono ta m'nyanja ya mchere, wosinja n'kusakaniza ndi chakudya choyambira cha nsomba za trout kapena salmon. Amawaza pang'onopang'ono koma kambirimbiri patsiku. Tsiku ndi tsiku krill amachepetsedwa mpaka nsomba zikudya timibulu tokha. Zimatenga masabata angapo, ndipo si zonse zimene zimaphunzira.

Tsono inu mwamwaza tiana 500 m'theka la ekala momwe muli mphutsi ndi tizilombo. N'chifukwa chiyani tingavutike ndi nsawawa zanuzo? Mungawaze mpaka Khrisimasi.

Wophunzira za nsomba ku Bunda: Ndikugwirizana ndi amayiwa, koma thumbalonso n'lolakwika, tisalibise. Chakudya cha mlamba chimapangidwa kwambiri ndi soya ndi chimanga, pomwe tiana ta nsomba yodya nyama timafuna mapuloteni ochuluka, cha m'ma 45 mpaka 50%, ambiri ochokera ku ufa wa nsomba. Zikakula mutha kutsika kufika cha m'ma 40%. Chachiwiri ndi kukula kwa kambulu. Tengani kansomba kamodzi, katsegulitseni pakamwa muone. Kambulu kazilowa mosavuta, kasafike n'theka lomwe la kamwa. Kwa kansomba ka masentimita 5 mukufuna tosinja kapena timibulu ta milimita 1 mpaka 1.5. Ndipo ufa wa chimanga lekani lero lomwe. Ukungovunda pansi n'kumadya mpweya wa m'madzi, ndipo mu Julaye muno mpweya umachepa kale mbandakucha.

Wa ku Johannesburg: Bwanji osangowapatsa chiwindi cha nkhuku chogayagaya? Milamba yanga imachilimbirana.

Wophunzira za nsomba ku Bunda: Mlamba umadya ngakhale sopo, achimwene. M'thanki chiwindi chimaononga madzi msanga, ndipo mukazolowetsa nsomba chiwindi mwangodzipatsa ntchito ina yozichotsakonso.

Mwini funso: Ndamva. Ndiye pano ndipange bwanji? Ndizisiye zizingodyana?

Mayi wa ku Wisconsin: Njira zilipo, zikutengera chimene mukufuna. Ngati cholinga ndi ndiwo zapakhomo, musavutike ndi timibulu. Gulani fathead minnows, timatemba ta kuno timene amagulitsa ngati nyambo, muthire m'damumo, muikemo matabwa kapena mapaleti akale m'malo osaya chifukwa timaikira mazira kunsi kwa zinthu. Timaswana nyengo yonse yotentha, perch zizidya ana ake. Bwenzi mutayamba ndi timatembati perch zisanabwere, koma sizinachedweretu.

Ngati mukufunadi kuti zizidya timibulu, kokani zimene mungathe, muziike m'khola la ukonde m'damu lomwelo kapena m'thanki yokhala ndi mpweya, muyese njira ya krill ija. Musankhe zofanana msinkhu, zazikulu padera, apo ayi mudzaonanso mchira pakamwa. Zazikazi zimakula msanga kuposa zazimuna, ndiye kusiyanako kuzingokulirakulira. Ndikuuzeniretu kuti pamsinkhu zafikapa zambiri zidzakana. Ineyo ndikanakhala inu ndikanagula zophunzitsidwa kale zokwana 100, n'kuziika pamodzi ndi zinazo. Ndinaonapo zosaphunzira zikutengera zinzake zikaona phokoso la kudya.

Chinanso, mukudyetsa nthawi yolakwika. Perch ndi yamantha, sikonda dzuwa la paliwombo. Dyetsani kukungocha kapena dzuwa likulowa, malo amodzimodzi tsiku lililonse, ndipo musamaime pamwamba pake chithunzithunzi chanu chikugwera m'madzi. Poyamba chakudya chomira pang'onopang'ono chimagwira bwino kuposa choyandama. Choyandama chizibwera zitazolowera, ubwino wake mumaona ndi maso kuti zadya zingati.

Bambo wa ku Michigan: Apa pa chakudya cha trout ndikutsutsako pang'ono. Choyambira chili bwino, koma musapitirize nacho mpaka nsomba zitakula ngati chili cha mafuta ambiri. Ine ndinatero, potumbula ndinapeza m'mimba muli mafuta okhaokha, oyera mbee, mnofu wochepa. Werengani pathumba, osangoona mapuloteni okha. Komanso musagule thumba lalikulu chifukwa chotchipa. Tiana 500 timadya pang'ono, thumba lidzachita nkhungu m'galaja lisanafike pakati.

Mayi wa ku Wisconsin: Zoona zimenezo, ine ndimanena za kuyambira basi. Ndipo bambo a ku Ohio, pezani choyezera kutentha kwa madzi. Perch imakula bwino madzi akakhala pa madigiri 21 mpaka 24. Akakwera kufika cha m'ma 27, chepetsani chakudya kapena dumphitsani tsiku. Muli ndi mwayi, Ohio State University ili ndi malo ofufuzira za nsomba ku Piketon, amagwira ntchito ndi perch yemweyu. Afunseni.

Mwini funso: Zikomo kwambiri nonse. Ufa ndasiya, thumba la mlamba ndapereka kwa aneba a abakha aja, asangalala kwabasi. Loweruka ndikukagula timatemba ndi krill. Funso lomaliza kwa amayi a ku Wisconsin: khola la ukondelo likhale la maso aakulu bwanji kuti tiana ta masentimita 5 tisatulukemo? Ndili ndi neti ya udzudzu yakale imene ndinabwera nayo kuchokera kumudzi.

Wa ku Area 25: Mpaka ku Ohio neti ya udzudzu ikukagwira nsomba? Ayi, Mmalawi ndi Mmalawi.

Mayi wa ku Wisconsin: Neti ya udzudzu ayi, maso ake n'ngaang'ono kwambiri, idzatsekeka ndi ndere madzi n'kusiya kudutsa. Pezani ya pulasitiki ya maso a milimita 3 mpaka 4, ndipo pamwamba muvundikire, mbalame za miyendo italiitali zija zimadzuka inu musanadzuke.