Kodi kompyuta ingapezedi mankhwala?

waku_Dedza: Abale, mlongo wanga akufuna kuphunzira bioinformatics ku yunivesite ya Wits konkuno ku Joni, akuti amasaka mankhwala atsopano pa kompyuta osagwira ndi botolo lomwe. Zoona zimenezi kapena tingotaya ma rand?

Mayi_awiri: Zoona achimwene. Mu 2002 asayansi anamaliza kuwerenga majini (ma gene, malangizo a chibadwa a mu DNA) a kachilombo ka malungo, Plasmodium falciparum, ndiye pano amafufuza pa kompyuta mapuloteni omwe kachilomboka sikangakhale moyo popanda iwo koma ife anthu tilibe, mankhwala amakamenya pamenepo. Komatu labu sathawa, kompyuta imangochepetsa zoyesa basi.

Turffontein_boy: Ine imandikhudza ndi ya efavirenz, ARV uja. Anthu ambiri kuno ku Africa tili ndi mtundu wa jini ya CYP2B6 yochedwetsa thupi kuchotsa mankhwalawa ndiye amachulukana m'magazi, n'chifukwa chake ena ankamva chizungulire ndi kulota zoopsa. Majini athu sanafufuzidwe mokwanira aise, ntchito ilipo.

Mayi_awiri: Achemwaliwo ayambiretu Python (chilankhulo cholembera mapulogalamu a pa kompyuta) ndi masamu. Sydney Brenner Institute, komwe amafufuza za majini, ili ku Wits komweko, akafunse.

waku_Dedza: Masamuwo ndiye avuta kkkk