Zomwe ndapeza pa mneni uja woti "adduce"

Sabata yatha ndinafunsa ngati kuli koyenera kugwiritsa ntchito mneni wachingerezi woti "adduce" m'kalata imene komiti yathu ya asodzi kuno ku Mangochi ikulembera akuluakulu oona za nsomba, yofotokoza za kuchepa kwa chambo m'nyanja ya Malombe. Yankho ndalipeza tsopano.

Bambo wina amene anagwirapo ntchito yomasulira m'khoti anandifotokozera kuti mneniyu anachokera ku mawu a Chilatini oti "adducere", omwe amatanthauza kubweretsa chinthu kwa wina, ndipo pa chifukwa chimenechi amatsatiridwa ndi chinthu chomwe munthu akupereka, kaya ndi umboni, zifukwa kapena zitsanzo, monga amanenera maloya kuti "adduce evidence". Anandichenjezanso kuti ndisamusokoneze ndi "deduce", ndipo apa ndi pamene ndinali nditaphonya. Woyambayo ndi kuika umboni poyera kuti uchirikize mfundo, pomwe wachiwiriyo ndi kufika pa mfundo munthu atasanthula umboniwo. Ine ndinalemba "adduce" pamene ndinkafuna kunena kuti taona tokha kuti chambo chachepa, zomwe sizinali zolondola.

M'kalatamo ndamusiya pamalo amodzi okha, pamene tikutchula maukonde a maso ang'onoang'ono ndi kupha nsomba nthawi yoswana ngati zifukwa. Kwina konse ndalemba "give" kapena "cite", popeza kalatayi idzawerengedwanso pamaso pa mafumu ndi asodzi, ndipo mneniyu, kunena zoona, amamveka wa kukhoti kwambiri.