Thandizo pa kusintha mipando ya Cessna U206F

Moni nonse akuluakulu a m'gulu lino.

Ndili ku Chipata, kumene ndimayang'anira ndege ya banja lathu, Cessna U206F ya 1975 ya mipando 6. Tikufuna kuchotsa mpando wa pakati ndi wa kumbuyo mbali imodzi kuti tiikepo machira a odwala, chifukwa mwezi wathawu tinanyamula mayi wina kuchokera ku Mfuwe atakhala chopindika, mutu atatsamira pazenera mpaka ku Lusaka, ndipo zinandiwawa mumtima.

Ndawerenga buku la ndegeyi koma za machira sindinazipezemo. Mainjiniya awiri andiyankha mosiyana: wina akuti popanda STC (chikalata chovomereza kusintha kapangidwe ka ndege) sizingatheke, pamene mnzake akuti chofunika n'kuyezanso ndege pa sikelo ndi kulemba kumene kulemera kwagwera. Chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi zitseko za katundu za kudzanja lamanja, poti chakutsogolocho sichitseguka chonse mafulapu (zigawo za kumbuyo kwa mapiko zimene zimatsitsidwa ndege ikamatera) akakhala otsitsidwa, ndipo wodwala wogona sangatuluke msanga pangozi.

Kodi alipo amene anachitapo zimenezi kuno ku Zambia? Machirawo munawamangirira pa njanji za mipando kapena pa malo ena, nanga a bungwe loyang'anira za ndege la Zambia Civil Aviation Authority anafuna mapepala ati asanavomereze?