Sitolo yakale ya amwenye pa Nathenje: tigwetse kapena tikonze?

Mlembi: Mwaswera bwanji abale nonse. Nkhani ya Lamlungu ija sitinaimalize. Eni ake avomera kutigulitsa sitolo yoyang'ana ku M1 ija. Ena akuti tiigwetse timange mashopu a lendi, ena akuti tiikonze. Tiyankhule mmodzimmodzi.

Msungichuma: Ine sindibisa mawu, igwe basi. Malata adadyeka ndi dzimbiri, chiswe chamaliza mitanda, kuseri kuja asandutsa potayira madzi anthu ochokera ku mowa. Mashopu anayi a mabuloko angatipatse lendi yolipirira ana amasiye fizi mwezi ndi mwezi.

Mmisiri wa ku Area 36: Bambo msungichuma, ndinakaiona Lachiwiri, ndinakwera mpaka kudenga. Zoona, denga latha. Koma zipupa musazinamizire. N'zokhuthala njerwa ziwiri, zomangira dothi osati simenti, ndipo palibe mng'alu kupatula pakona yakumvuma pomwe madzi a padenga akhala akugwera. Ndinagogoda njerwa imodzi ndi chipande, ikulira ngati chitsulo. Zoterozo zinkapsa ndi nkhuni za mitengo yachilengedwe, lero simungazipeze. Masana dzuwa lili pamutu ndinalowa mkati, kuli zii ngati m'mphika wa madzi, chifukwa cha makulidwe a zipupawo ndi timabowo ta mpweya pamwamba pa mawindo. Shopu ya mabuloko ya denga lotsika mu Okutobala mumaidziwa nokha.

Mphunzitsi wopuma: Ana anga, ndiloleni nane. Kamangidwe kameneka mukapezanso ku Area 2 m'tauni, ku Limbe ndi ku Zomba: kutsogolo sitolo, kumbuyo nyumba yogona banja, khonde lalitali la zipilala za njerwa, ndi chipupa chakumaso chokwera ngati masitepe kubisa malata, pomwe ankalembapo dzina la sitolo. M'zaka za m'ma 1970 boma la Kamuzu lidalamula amwenye kuchoka m'matireding'i senta akumudzi kupita m'mizinda. Ndi nthawi yomweyo likulu lidasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe mu 1975, ndipo mahoselo a Chipiku adayamba kufalikira. Masitolo ambiri otsalawo adagwa okha. Yathuyi yaima mpaka lero, ndiye tiigwetse ndife eni ake?

Mayi a ku Kawale: Aphunzitsi mwandikumbutsa kutali. Pakhonde paja pankakhala telala ndi makina ake a Singer opalasa ndi phazi. Mayi anga ankagula nsalu mkati, mwenye n'kuyeza pa kauntala pomwe adakhomerapo ndodo yoyezera, kenako timatuluka n'kumupatsa telala pomwepo. Yunifolomu yanga yoyamba idasokedwa pamenepo, ine nditakhala pa sitepe ndikumung'unya switi ya basela. Mvula ikagwa tsiku la msika, anthu onse ankausa pakhonde lomwelo, ena ndi njinga zawo. Mashopu a masiku anowa alibe ndi pobisala pomwe.

Msungichuma: Mayi, zokumbukirazo tonse tili nazo. Funso langa ndi ndalama. Tikaikonza ibweza bwanji?

Mayi a ku Kawale: Khondelo tiikepo matelala atatu azilipira malo. Mkati tigawe pawiri, mbali ina golosale ya lendi, mbali ina pophunzitsira atsikana kusoka. Kumbuyo kuja ana a sekondale aziwerengerako madzulo.

Achimwene a ku Joni: Ine ndili kumbali yokonza. Malata ndigula ndine, mungondiuza nambala yake. Koma chitseko cha mapanga awiri chija musachichotse chonde.

Mmisiri wa ku Area 36: Chitsekocho ndi mlombwa, chingofuna mahinjesi atsopano ndi vanishi. Chinanso a msungichuma: malo a msewu waukulu ngati M1 ndi mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati. Tikagwetsa, pulani yatsopano ku khonsolo idzatikankhira kumbuyo, poloti n'kuchepa. Mashopu anayiwo mwina sangakwanepo.

Msungichuma: Apo mwanena zomveka. Koma lamulo lomwelo likhoza kukhudzanso nyumba yakaleyo. Tisalipire kanthu tisanayeze, ndipo ndikufuna mtengo wa denga ulembedwe papepala.

Wapampando: Zikomo nonse. Loweruka 8 koloko m'mawa tikumane pakhonde pomwepo. Amisiri mutenge tepi ndi makwerero, alembi mukadziwitse a mfumu lero lomwe kuti adzakhalepo. Aphunzitsi, ndidzakutengani pa galimoto.