Njinga zamoto zodutsa m'famu: titseke kapena tilole?

A Phiri, Mchinji: Akuluakulu, thandizeni maganizo. Famu ndi ya lizi, mahekitala 40, muli fodya wa bale, chimanga ndi khola la nkhumba. Msewu wa famu umadula pakati mpaka kumsika, ndipo anyamata a kabaza akupempha kuti azidutsamo chifukwa msewu wa boma ndi wozungulira. Tiwalole?

Mayi Nabanda, Kasungu: A Phiri, yambani mwayang'ana mapu a lizi yanu. Ngati njirayo inalipo malowo asanayezedwe, anthu amaiona ngati yawo, ndipo mukatseka mudzangopeza waya atadulidwa. Ngati inalambulidwa ndi famu, chilolezo chikhale cholembedwa, osati chapakamwa. Asainire wapampando wa siteji ya kabaza, agulupu akhale mboni. Mulembemo njira imodzi yokha, nthawi yodutsa, komanso kuti mwini famu angathe kutseka atapereka chenjezo la masiku 14. Pepalalo lizikonzedwanso chaka chilichonse, kuopa kuti mawa wina anganene kuti ndi msewu wa aliyense.

A Mwale, Dowa: Ine nkhawa yanga ndi nkhumbazo. Chigodola, nthenda yopha nkhumba, chimayenda ndi matope a kumatayala, nsapato ndi matumba onyamulira nyama, ndipo chilibe mankhwala. Njinga yomwe m'mawa inanyamula nkhumba kumsika ndi yomweyo idutse pakhola panu masana. Ngati msewu wayandikira khola, patutsani njirayo idzere m'malire mwa famu. Pachipata kumbani chithaphwi cha simenti chothiramo mankhwala ophera tizilombo, chakuya masentimita 15. Kutalika chisachepere mamita awiri ndi theka, chifukwa tayala la mainchesi 18 limafuna pafupifupi mamita awiri kuti lizungulire kamodzi. Ambiri amamanga chachifupi, tayala n'kunyowa theka. Madziwo akangosanduka phala la matope mankhwala atha mphamvu, sinthani. Ndipo mangani mipanda mbali zonse ziwiri, apo ayi azingochilambalala.

A Chirwa, Kasungu: Zoona a Mwale. Onjezanipo nkhani ya msewu weniweniwo. Tayala la njinga ndi lopyapyala, koma limasenza woyendetsa, wokwera ndi thumba la makilogalamu 50, ndipo njinga zonse zimaponda mzere umodzimodzi. Pamtsetse mzerewo umasanduka kangalande, mvula ya Januwale n'kuukumba kukhala chigwembe. Kwezani pakati pa msewu kuti madzi azigwera m'mbali, dulani tingalande topatutsa madzi mamita 20 kapena 30 alionse pamalo otsetsereka, thiranipo gelevulo. Paipi yothirira ikadutsa pansi pa njira, ikwirireni masentimita 60 ndipo ilowe mkati mwa paipi ina yokulirapo. Kuyambira Seputembala mpaka mvula itagwa, tchetchani udzu mamita atatu mbali zonse, chifukwa ekizozi yotentha ndi ndudu za okwera sizigwirizana ndi udzu wouma. Zigafa zikhale kutali. Fumbi likamata pa fodya wopachika, giredi imatsika.

A Phiri, Mchinji: Nanga wina akagwa n'kuthyoka mwendo m'famumo, mlandu ngwa ndani?

Mayi Nabanda, Kasungu: Musadalire chikwangwani chakuti "mukudutsa mwakufuna kwanu". Mukalola munthu kulowa, dzenje losakwirira kapena waya wopingasa njira zidzakufunsani inuyo. Choncho chotsani zoopsazo, ndipo pamene sizingachoke ikanipo chizindikiro chooneka patali. Funsani kampani yanu ya inshuwalansi, ikuyankheni polemba, ngati imalipira munthu wakunja wovulalira pamalo panu. Odutsa akhale okhawo amene ali m'kaundula wa siteji, okhala ndi laisensi, inshuwalansi ndi helimeti. Mlonda akhale ndi mndandanda wa manambala a njingazo.

A Mwale, Dowa: Pachipata zikani nsanamira ziwiri zotalikirana mita imodzi. Njinga ipita, ngolo ndi galimoto ayi. Kutsegula 6 koloko m'mawa, kutseka 6 koloko madzulo, poti mbuzi ndi chimanga zimachoka usiku. Koma mlonda auzidwe momveka bwino kuti wonyamula wodwala kapena mayi woyembekezera amatsegulidwira nthawi iliyonse, osamufunsa pepala.

A Chirwa, Kasungu: Ndipo kukonza njirayo kukhale m'pepala lomwelo. A siteji azibwera ndi makasu ndi mawilibala kawiri pachaka, mvula isanayambe ndi itangotha. Chigodola chikamveka m'midzi yoyandikana nayo, chipata chitsekedwe tsiku lomwelo osadikira masiku 14 aja.