Kupalasa njinga kuchoka ku Salima kukafika ku Dwangwa nyengo ya mwera

Mphunzitsi wa ku Salima:
Ndikupempha nzeru kwa amene anapalasapo njinga mtunda wautali mumsewu wa M5. Sukulu zikatsekera mu Julayi ndikufuna kunyamuka kuno ku Salima kupita ku Nkhotakota, womwe ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 110, ndikagone pa boma, kenako ndipitirire ku Dwangwa kukaona malume anga. Njinga yanga ndi yamagiya ndipo katundu ndi chikwama chimodzi pakaliyala. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi mwera, chifukwa chaka chatha ndinalimbana nawo pobwerera kuchokera ku Khombedza ndipo ndinafika kunyumba miyendo ikunjenjemera. Kodi ndi nzeru kuyenda nthawi imeneyi, kapena ndidikire Okutobala?

Wakabaza wa pa Kamuzu Road:
Aphunzitsi, musadikire Okutobala, chifukwa dzuwa la m'mbali mwa nyanja mwezi umenewo lidzakufoolani kuposa mphepo. Mwera umachokera kummwera chakum'mawa, ndiye popita ku Nkhotakota udzakhala ukukukankhani kumsana, ndipo mudzadabwa kuona kuti mwadutsa Benga musanatope kwenikweni. Vuto lili pobwerera. Ambiri amayesa mphamvu zawo ndi ulendo wopita, nkumaganiza kuti wobwerera udzatenganso tsiku limodzi, koma mphepo ikawatsekera kutsogolo amapezeka akukankha njinga pamalo opanda chitunda nkomwe. Ulendo wobwerera muugawe masiku awiri, kapena musunge ndalama yokweza njinga pagalimoto. Mudzanyamuke mbandakucha, mphepo isanalimbe.

Msodzi wakale, ku Chia:
Achimwene a kabaza anena zoona pa nkhani ya komwe mphepo imachokera, koma za mbandakuchazo ndikutsutsako pang'ono. Mwera ukakwiya suona nthawi; umaomba usiku ndi usana kwa masiku awiri kapena atatu, mabwato ali pamtunda ndipo usipa wakwera mtengo pamsika. Choncho musamange tsiku lonyamuka ngati la ukwati. Muzimvera chenjezo limene a nthambi yoona zanyengo amapereka pawailesi kwa ife oyenda panyanja, ndipo likaperekedwa inunso mulitenge ngati lanu.

Chimene ine ndimaopa kwambiri si kutopa ayi, koma mphepo yochokera m'mbali pamodzi ndi malole. Popita kumpoto mumayenda kumanzere kwa msewu, nyanja ili kudzanja lanu lamanja, ndipo thupi limapendekera lokha kumene mphepo ikuchokera popanda inu kudziwa. Lole ikamakupitirirani imakutchingirani mphepoyo mwadzidzidzi, ndiye inu amene munatsamira mphepo mumapezeka mukugwera kumatayala ake. Ikangodutsa, mphepo imabweranso ndi kukuponyerani kuthengo. Pobwerera zimatembenuka, chifukwa mphepo imakukankhirani pakati pa msewu. Malo oyenera kusamala ndi oyera opanda mitengo, makamaka pa mlatho wa Chia ndi m'madambo a mpunga, komanso kufupi ndi Dwangwa kumene miyezi imeneyi amadula nzimbe ndipo magalimoto olemera amachuluka. Malo ena phula ndi lopapatiza ndipo m'mphepete munadyeka. Mukamva lole kumbuyo, tsikani paphula muime, phazi pansi. Ine ndinathyokapo dzanja chifukwa chokana kuima, nditanyamula dengu la nsomba lotambalala kuposa handulo.

Wokonza njinga ku Nkhotakota:
Bambo a ku Chia atchula dengu, ndipo nkhani ya katundu yagona pomwepo. Chilichonse chotambalala kapena chosanjikizidwa m'mwamba chimagwira mphepo ngati thanga la bwato. Chikwama chanucho muchigawe pawiri, mumange mbali zonse za kaliyala motsika, zolemera zikhale pansi, ndipo musavale jekete lotakasuka lomwe limafufuma.

Pali masamu pang'ono amene inu aphunzitsi muwamva msanga. Mukamathamanga makilomita 15 pa ola kukumana ndi mphepo ya makilomita 15 pa ola, mpweya umakumenyani pa liwiro la 30, ndipo mphamvu yokubwezani kumbuyo imakula kanayi, osati kawiri, poyerekeza ndi tsiku lopanda mphepo. Nchifukwa chake kulimbira giya yolemera kuti musunge liwiro kumangopweteketsa mawondo. Ikani giya yopepuka, weramirani pahandulo zigongono zili mkati, ndipo muvomereze kuyenda pang'onopang'ono. Mukapeza mnzanu wolowera komweko, muzisinthana kutsogola, wotsatira abisale kumbuyo kwa mnzake.

Musananyamuke wokonza njinga aone masipoko ndi mabuleki, ndipo mutenge pampu, zigamba, chubu chapadera ndi kansalu kopukutira tcheni, poti fumbi la nyengoyi likasakanikirana ndi mafuta limadya tcheni msanga. Madzi muzimwa ngakhale ludzu musakulimva, chifukwa mphepo yozizira imaumitsa thukuta munthu osazindikira kuti akutaya madzi.

Mphunzitsi wa ku Salima:
Zikomo nonse. Za lole kutchinga mphepo sindinaziganizirepo, ndipo mwina ndi zimene zinandigwetsera m'ngalande chaka chatha ine nkumanamizira handulo. Ndasiya masiku atatu osamanga kuti ndidikire mphepo ikakula, ndipo pobwerera ndidzagona ku Benga. Bambo a ku Chia, kodi pamlathopo ndi bwino kutsika ndi kuikankha njinga, kapena kukankhako kumaonjezera ngozi magalimoto akakumana?