Masilinda a gasi aja tilembe pa dzina la ndani?

Msungichuma: Mwaswera bwanji nonse. Ndimati nditseke buku la mwezi uno koma pali dzenje. Ndalama tinatulutsa yogulira masilinda 6 a gasi ija sinabwerere ngakhale pang'ono, ndipo kwatsala milungu 5 kuti tigawane. Ndilembe pa dzina la ndani?

Make mapasa: Pa dzina la amene anakagula. Apa palinso funso?

Alamu: Mayi, musathamange. Ine sindinabwereke ndalama imeneyo. Munandituma ndinu nonse, munati tigule timasilinda takale ta anthu okagona kutchire tija, tizidzazitsa n'kumabwereketsa. Phindu likanabwera bwenzi mukuti ndi langa ndekha?

Mlembi: Zolemba za tsikulo zikuti gulu lavomera kugula masilinda 6 ogwiritsidwapo kale ntchito, Alamu akagule, koma apite ndi munthu wowadziwa. Mawu omalizawo ndinachita kuwadula mzere kunsi.

Alamu: Wowadziwayo anali bambo a mapasa. Ndinawaimbira katatu osayankha. Wogulitsa uja wa pa Facebook ankati pali enanso akubwera ndi ndalama m'manja.

Make mapasa: Amuna anga musawalowetsemo, sali m'gulu muno.

Aphunzitsi: Ndilankhuleko, poti dzulo kodzazitsa ndinapita nawo ndine. Awiri ndi abwino, awalandira. Lachitatu penti yake ndi yonyezimira ngati latsopano, koma mnyamata wodzazayo analitembenuza n'kukanda kunsi ndi kiyi. Dzimbiri linayoyoka ngati makungwa. Munthu anangopaka penti pamwamba pa dzimbiri. Lachinayi ndi lobonyoka pafupi ndi pomwe anawotcherera, ndiye analikana osalikhudza n'komwe. Chaka chimene linapangidwa, chimene amadinda pachitsulo, sichikuwerengekanso. M'maiko ambiri silinda imayenera kuyezedwanso pakatha zaka 10 kapena kuposerapo pang'ono, ndiye popanda chakacho ndani angaike dzanja lake pamenepo?

Make mapasa: Mwamva? Awiri okha pa 6.

Aphunzitsi: Dikirani mayi. Awiri otsalawo si oipa ayi. Ndi a Campingaz 907, abuluu aja, olowa makilogalamu 2.75 a gasi wa butane. Vuto ndi lakuti mtundu umenewu umayenda mosinthanitsa, umapereka lopanda kanthu n'kutenga lodzaza kwa amene amagulitsa mtunduwo. Pakamwa pakenso sipagwirizana ndi maregyuleta amene tinagula, tizipangizo tomanga pasilinda kuti gasi azipita kumbaula mwa mlingo wake tija. Ndi katundu wabwino amene wagwera anthu olakwika.

Alamu: Koma onse anali olemera, ndinawanyamula ndekha. Anandiuza kuti ndi odzaza, n'chifukwa chake sindinanenerere kwambiri.

Aphunzitsi: Alamu, chitsulo chimalemera pachokha. Pasilinda amadindapo kulemera kwake ikakhala yopanda kanthu, nthawi zambiri pafupi ndi zilembo za TW. Mumaika pasikelo n'kuchotsera nambala imeneyo, chotsalacho ndiye gasi wanu. Tinayeza limodzi mwa abwino aja, munalibe ngakhale theka la kilogalamu. Kugwedeza sikuthandiza, chifukwa ngakhale yodzaza imamveka khuchukhuchu. Amadzaza mpaka 80 peresenti basi kuti gasi apeze pofufumira kukatentha.

Agogo: Ana inu, ladzimbirilo lili m'chipinda mwanga muno, paja munati kwanga n'kosungika. Usiku ndimamva kafungo ngati kabichi wowola. Ndiyatse machesi ndione ngati likutuluka?

Aphunzitsi: AGOGO AYI! Musayatse kanthu, ngakhale switchi musakhudze. Tsegulani chitseko ndi mawindo, wina alitulutse panja pamthunzi, liime chilili. Gasiyu ndi wolemera kuposa mpweya, amakhazikika pansi pomwe mwayala mphasa. Fungolo amaliikamo dala kuti munthu adziwe. Poyesa timapaka madzi a sopo pavalavu, pakatuluka thovu ndiye kuti likudontha.

Agogo: Mdzukulu walitulutsa. Koma mubwere mudzatenge zinthu zanuzi lero lomwe.

Wapampando: Zikomo Aphunzitsi. Ndiye maganizo anga ndi awa. Alamu analakwa kupita okha, zolemba zikuchitira umboni. Koma nafenso tinavomera bizinesi imene palibe mmodzi wa ife ankaidziwa, ine ndemwe ndinaimika dzanja. Awiri abwinowo akhale a gulu. Abuluuwo tiwagulitse kwa amene ali ndi mbaula zake. Awiri okanidwawo Alamu abweze ndalama yake, popanda chiwongoladzanja.

Make mapasa: Popanda chiwongoladzanja? Ine nditachedwa masiku 4 okha munandidula chindapusa, mwana ali m'chipatala. Malamulo amaluma ena okha?

Msungichuma: Yanu inali ngongole, munasayinira. Iyi m'buku mulibe siginecha ya Alamu, muli ya wapampando ndi yanga.

Make mapasa: Ndiye inuyo awiri mugawane nawo.

Alamu: Theka la awiriwo ndibweza, pochotsera pa masheya anga tsiku logawana. Kuposa apo ayi. Thiransipoti ndinalipira ya m'thumba mwanga, palibe anaifunsa.

Wapampando: Tivota Loweruka, aliyense abwere. Mlembi mubwere ndi zolemba, Aphunzitsi mubwere ndi sikelo. Alamu, wogulitsa uja mwamuyesanso?

Alamu: Kuyambira Lachiwiri foni yake sikupezeka. Chithunzi chija wachifufutanso.

Msungichuma: Ndiye pakadali pano ndilembe chiyani?

Wapampando: Lembani ndi pensulo.